Mkamwini wa ku Sinza ndi chiphaso cha pakhoma

Ku Sinza, dera lina la mzinda wa Dar es Salaam, mawu akuti grosari satanthauza golosale imene munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amaidziwa. Mulibe sopo, mchere kapena machesi. Zimenezo anthu amagula "kwa Mangi", dzina limene a mumzindawu anapatsa timasitolo ta m'makwalala poti eni ake ambiri ndi Achaga a ku Kilimanjaro. Grosari ndi kachipinda koyang'ana kumsewu, kokhala ndi kauntala yotchingidwa ndi zitsulo, firiji, makireti a mowa osanjikizana mpaka kudenga, ndi mipando ya pulasitiki imene imatuluka panja dzuwa likapendeka. Mu grosari ina yotere, kamtunda pang'ono kuchoka mu msewu wa Shekilango, muli bambo ena a ku Nkhotakota amene akhala kuseri kwa kauntala zaka pafupifupi makumi awiri. Makasitomala sawatchula dzina. Achinyamata amati "Mzee", ndipo a msinkhu wawo amati "shemeji", kutanthauza mlamu, chifukwa anakwatira mwana wa m'dziko lawo.

Anafika monga amafikira ambiri: pa basi kudzera ku Karonga, kuoloka Songwe pa Kasumulu, kudutsa Mbeya, n'kudzatsikira pa Ubungo, pamene pa nthawiyo panali depoti yaikulu ya mabasi a kutali. Anayamba ndi ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Mikocheni. Mkazi amene anamukwatira ndi wa ku Mbamba Bay, tsidya la kum'mawa kwa nyanja yomwe ija, ndipo kuyankhula kwake kunali kofanana ndithu ndi kwa ku Nkhotakota, kotero kuti pofunsirana Chiswahili sichinafunike kwenikweni. Mpamba wa grosari unachokera mbali zonse ziwiri: malipiro a bambo, ndi phindu la usipa umene mayi ankaitanitsa kwawo n'kumagulitsa. Koma chiphaso chimene chili m'galasi pakhoma chili ndi dzina limodzi lokha, la mayi, poti nzika ndi iwo. Bambo sanaonepo chachilendo. Mchewa amadziwa chikamwini: umalima munda, umamanga nyumba, koma nthaka ndi ya kuchikazi.

Lamulo loyendetsa malonda a mowa m'dzikolo ndi lakale, la 1968, lotchedwa Intoxicating Liquors Act. Chiphaso chimaperekedwa ndi khonsolo, ndipo moyo wake ndi miyezi isanu ndi umodzi basi: china chimatha pa 31 Malichi, china pa 30 Seputembala. Kawiri pachaka mwini malo amabwerera ku ofesi ndi mapepala ndi ndalama m'manja, kale ku khonsolo ya Kinondoni, tsopano ku ya Ubungo chiigawireni Kinondoni. Lamulolo limasiyanitsa wogulitsa mowa womwera pomwepo ndi wogulitsa mowa wotenga kukamwera kunyumba, ndipo limaika maola ogulitsira. Magrosari ambiri amakhala pakati pa ziwirizi ngati mleme. Pa pepala amagulitsa wotenga, koma amene anatentherapo ndi dzuwa la ku Dar es Salaam akudziwa kuti botolo lozizira silifika kunyumba. Wogula amapempha chotsekulira, kenaka mpando, ndipo posakhalitsa pakhomo pali anthu asanu ndi atatu akukangana za Simba ndi Yanga. Mpata umenewo ndi umene umadyetsa banja, ndipo ndi womwewo umene umalipangitsa kugona khutu lili kunja.

Mantha oyamba a bambowa sanali a boma. Mu Novembala 2006 kunatsegulidwa Mlimani City mu msewu wa Sam Nujoma, ulendo wa ndawala kuchoka ku Sinza, ndipo mkati mwake munali Shoprite, yomweyo imene anthu anaidziwira pa Chichiri ku Blantyre ndi pa Manda Hill ku Lusaka. Bambo anapita kukaona ndi maso Lamulungu lina. Anapeza mashelefu a vinyo ndi mowa waukali wa mayiko osiyanasiyana, mitengo yolembedwa poyera, mphepo yozizira, ngolo zokankha. Atabwerera anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: "Amayi, tiyambe kuganiza za usipa uja. Apa ng'ona yalowa m'dziwe la matemba."

Mayi anangoseka. "Abambo, kodi mwamuona kumeneko munthu akumwa pa ngongole?"

Zaka zinaweruza mokomera mayi. Shoprite inagulitsa masitolo ake a ku Tanzania kwa Nakumatt ya ku Kenya mu 2014. Uchumi, inanso ya ku Kenya, inatseka masitolo ake m'dzikolo mu 2015. Nakumatt nayo inatsekedwa pa Mlimani City mu 2017 itamira m'ngongole. Zikwangwani zinkasintha pakhoma la msika waukuluwo, pamene grosari ya ku Sinza inali pomwe paja ndi mipando yake yothyoka miyendo. Chifukwa chake si chobisika. Sitolo yaikulu imagulitsa kwa munthu wa galimoto amene akufuna katoni ya vinyo ya pa ukwati. Grosari imagulitsa botolo limodzi la Safari kapena la Serengeti kwa makaniko amene wangoweruka, amene alipira mwezi ukatha, amene dzina lake lili m'kope la mizere limene bambo amalisunga pansi pa kauntala. Imalandiranso mabotolo opanda kanthu, imadziwa amene wafedwa ndi amene wachotsedwa ntchito. Zimenezi supamaketi singazigule pa mtengo uliwonse.

Kwina mpikisano umenewu unayenda mosiyana. Amalawi a ku Joni angachitire umboni: ku South Africa lamulo limalola supamaketi kugulitsa vinyo yekha m'kati mwake, koma makampani akuluakulu anangotsegula khomo lina pambali, Tops pafupi ndi Spar, LiquorShop pafupi ndi Shoprite ndi Checkers, n'kumatenga ziphaso m'tauni ndi m'tauni. Mpanda umene unamangidwa kuti uteteze wamalonda wamng'ono anangouzungulira. Ku Sinza akuluakulu enieni sanabwere ndi sitolo, anabwera ndi firiji. Makampani ofulula mowa, Tanzania Breweries ndi Serengeti Breweries, ndi amene amalimbirana khoma, chikwangwani ndi firiji za kamalo kalikonse, ndipo mkangano wawo pa nkhani ya zikwangwani m'mabala unafika mpaka ku bungwe loona za mpikisano la Fair Competition Commission, limene linauweruza mu 2010. Firiji ya kampani ndi mphatso yokhala ndi chingwe: mwini wake safuna kupezamo botolo la mnzake. Bambo anaphunzira msanga kugula kafiriji kawokawo kachiwiri.

Chimene chinatsala pang'ono kuwagwetsa ndi cholembera cha boma. Mu ulamuliro wa John Magufuli akuluakulu anayamba kulimbikira kuti nthawi ya ntchito si ya mowa, ndipo malo ambiri sankayerekeza kutulutsa mipando isanakwane "saa kumi", imene pa kawerengedwe ka Chiswahili ndi 4 koloko madzulo. Kenaka pa 1 Malichi 2017 chiletso cha viroba chinayamba kugwira ntchito, monga analengezera nduna yaikulu Kassim Majaliwa. Viroba ndi masacheti aja amene a ku Zambia ankati tujilijili asanawaletse mu 2012, ndipo Malawi nayo inawaletsa. Palibe kholo limene lingawalire. Bambowa anaonapo ndi maso awo anyamata a njinga zamoto akumwa timapaketi m'mawa asananyamule munthu, ndipo amanena poyera kuti chiletsocho chinali choyenera. Komabe masachetiwo ndi amene ankabweretsa ndalama ya tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku loletsa litafika, makatoni amene anali atagula kale anasanduka mlandu m'nyumba. Supamaketi sinamve kuwawa kumeneko. Makasitomala ake sanali a viroba. Ena mwa amene ankagula timapaketi anasamukira ku gongo, kachasu wa kumeneko, amene safuna chiphaso chilichonse. Banja linadya mpamba miyezi ingapo, mwana wamkulu anachedwa kubwerera kusukulu, koma khomo silinatsekedwe.

Motero pofika 2025 bambo ankadziona ngati munthu amene waoloka mitsinje yonse. M'zokambirana za pakhomo pawo iwo ankakhala kumbali ya amalonda ang'onoang'ono nthawi zonse. Pamene amalonda a ku Kariakoo, msika waukulu wa pakati pa mzinda, ankadandaula kuti alendo, makamaka ochokera ku China, akutsegula timasitolo n'kumagulitsa chimodzichimodzi pa mtengo wophera eni dziko, bambo ankavomereza ndi mutu. Ankati boma liteteze aang'ono. Analira mvula osakumbuka matope.

Pa 28 Julaye 2025 nduna ya zamalonda Selemani Jafo inatulutsa lamulo loletsa anthu amene si nzika kuchita mitundu khumi ndi isanu ya malonda. Pa mndandandawo pali masaluni, kutumiza ndalama pa foni, kukonza mafoni, kuperekeza alendo okaona malo, ndipo pamwamba penipeni pali kugulitsa katundu, kaya mopikulitsa kaya mmodzimmodzi. Koma mzere womwewo ukupatula masupamaketi. Mlendo wa chuma chokwana kumanga sitolo ya mashelefu makumi asanu ndi wolandiridwa. Mlendo wa kauntala imodzi ndi firiji ziwiri ndiye woletsedwa. Wophwanya lamuloli alipira mashilingi osachepera 10 miliyoni kapena kukhala kundende mpaka miyezi isanu ndi umodzi, n'kulandidwanso chilolezo chokhalira m'dziko. Nzika yomuthandiza ilipira 5 miliyoni kapena kukhala kundende mpaka miyezi itatu.

Cholinga cha lamuloli n'chomveka, ndipo si Tanzania yokha imene yaganizapo zosungira nzika zake malonda ang'onoang'ono. Munthu amene wakongola ndalama kuti atsegule kasitolo ku Kariakoo ali ndi chifukwa chodandaulira ngati amene amamupikulitsa katundu watsegula khomo loyandikana naye. Chovuta n'chakuti ukonde umene anatchera kuti ugwire kampango umagwiranso usipa, ndipo ng'ona anaisiyira chipata. Akenya anakuwa kwambiri, poti iwo ali limodzi ndi Tanzania m'bungwe la East African Community ndipo ali ndi pokadandaulira. Mmalawi wa ku Sinza alibe khomo lotero.

Mzere wa nzika yothandiza mlendo ndi umene unawasowetsa tulo bambowa. Grosari ndi ya mayi, pa pepala ndi m'choonadi chomwe. Theka la mpamba linali lawo. Koma amene amatsegula m'mawa, kuwerenga makireti, kukangana ndi anyamata a lole ya mowa ndi kulemba m'kope la ngongole ndi ndani? Munthu wansanje mmodzi, kapena wangongole amene watopa kukumbutsidwa, angathe kunena kuti dzina la pakhoma ndi chophimba chabe. Angakhale wabodza, komabe mayi ndi amene angakayankhe.

"Si ine ndikuopa kubwerera ku Nkhotakota," anatero bambo usiku wina atalowetsa mipando. "Koma inu amayi mukalowe m'chitokosi chifukwa cha ine?"

"Mwalowa liti m'chitokosi zaka zonsezi?" anayankha mayi. "Mwamuna kuthandiza mkazi wake kunyamula kireti wakhala mlandu?"

"Sindikudziwa. Ndipo amene adzabwere kudzafunsa sadzakhala ndi nthawi yomva za usipa wanu."

Anakangana mpaka usiku kwambiri, m'chiyankhulo cha kunyanja chimene anansi awo samva. Pomaliza anagwirizana kuti mphwawo wa mayi, mtsikana amene anamaliza sekondale ku Songea, abwere adzaime pa kauntala.

Kumapeto kwa Seputembala mayi anavala chitenje chawo chabwino n'kupita okha ku khonsolo ndi envulopu ya mapepala, monga achitira kawiri chaka chilichonse, ndipo anabwerako ndi chiphaso cha miyezi ina isanu ndi umodzi. Madzulo ake bambo anatulutsa mipando n'kukhala pa umodzi mwa iyo, kunja kwa zitsulo. Makaniko uja atafika anadabwa kuwapeza kumbali ya ogula.

"Shemeji, lero mwakhala kasitomala?"

"Ndapuma pantchito," anatero bambo.

Mtsikana anatsegula kope kufunafuna tsamba la makanikoyo, koma sanalipeze, poti mayina ambiri m'menemo bambo anawalemba m'Chichewa, monga mwa maonekedwe a munthu: Wamtali wa garaja, Mphunzitsi wa dazi, Wosalipira. Anasuzumira pa zitsulo n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Alamu, ameneyu ndi uti?"

Bambo anayang'ana kumsewu kaye, mbali zonse ziwiri, asanamuuze tsamba.