Ulusi wa pa Mbedza

Ku Mabvuku ndi ku Tafara kulibe mtsinje woti munthu angaponyemo mbedza n'kukoka nsomba ya trout. Nsomba imeneyi imafuna madzi ozizira a m'mapiri, monga a ku Nyanga kuno ku Zimbabwe kapena a Mulunguzi paphiri la Zomba kwathu ku Malawi. Kuno ngakhale madzi a pampopi timawaona mwa apo ndi apo. Komabe m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amalume anga mumatuluka tinyambo ta nthenga tomwe timakagwira ntchito makilomita oposa 250 kuchokera pano.

Amalume anachoka ku Dedza ali mnyamata, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangotha mu 1963. Monga anzawo ambiri a m'malokeshoni ano, anapeza ntchito m'nyumba za azungu, iwo ya ukhukhi ku Highlands. Bwana wawo ankakonda kukawedza ku Nyanga, kumene trout saiwedza ndi nyongolotsi. Amainyenga ndi mbedza yovekedwa nthenga kuti ioneke ngati kachilombo ka m'madzi, monga momwe nsomba zathu zimathamangira inswa zikagwera pamadzi mvula yoyamba. Azungu amati fly, amalume amati fulayi. Manja a bwanayo atayamba kunjenjemera, ntchito yomanga mafulayi inagwera khukhi, ndipo khukhiyo anaidziwa kuposa mwini wake.

Lero maso a amalume achita mdima, choncho pavayisi ndimakhala ine, iwo ali pampando chapafupi.

Munthu akaona fulayi amayamikira nthenga: za m'khosi mwa tambala, zamawangamawanga za nkhanga, zobiriwira za pikoko. Amalume sayambira pamenepo. "Mphwanga," amatero, "nthenga ndi malaya chabe. Mwini ntchito ndi ulusi."

Mbedza zili ndi manambala, ndipo nambala ikamakwera mbedza imachepa. Ya 10 imagwirika bwino, koma ya 16 kapena 18 ndi kanthu koti kakagwa pansi, kukapeza kwake n'kusesa chipinda chonse. Pakambedza kotere malo omangapo safika ndi sentimita imodzi, ndiye ulusi wa telala sungathandize. Ndi wonenepa, wopotedwa molimba, ndipo ukauzunguliza kasanu mutu wa fulayi watupa kale ngati chithupsa. Ulusi wake weniweni umalembedwa 6/0 kapena 8/0, ndipo 8/0 ndiye wowonda. Makampani ena amalemba kulemera kwake, 70 kapena 140 denier. Ife patimbedza tating'ono timagwiritsa 8/0 kapena 70. Vuto lake, manambala a kampani ina safanana ndi a inzake, n'chifukwa chake amalume sakhulupirira cholembedwa pachikulunga. Amaukulunga pazala n'kuukoka mpaka udukepo, kuti dzanja lidziwe malire ake. Pomanga umayenera kukoka pafupi ndi malire amenewo osawapyola.

Chachiwiri ndi kupotana. Nthawi iliyonse ukazunguliza ulusi pambedza, umadzipota pang'ono, mpaka kukhala wobulungira ngati chingwe. Ukatero umadula nthenga zofewa ndiponso umasanjikizana moipa. Mankhwala ake n'kusiya bobini ilendewere, n'kuizunguza mobwerera mpaka ulusi utatambasuka ngati luzi losendedwa. Wotambasuka umagona pambedza mosalala. Wopotana nawonso uli ndi ntchito yake, yomangirira chinthu choterera, koma uyenera kupotana chifukwa wafuna ndiwe.

Chachitatu ndi kuwerenga. Womanga wamantha amazunguliza kambirimbiri poganiza kuti ndiko kulimbitsa. Amalume amati kuzunguliza katatu mokoka kumaposa kakhumi kolefuka. Nthenga umaitsina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala pamwamba pa mbedza, ulusi n'kuulowetsa pakati pa zalazo, kenako n'kuutsitsa molunjika. Ukapanda kutsina, nthenga imathawira kumbali. Ulusi ukamaterera timaupaka phula la njuchi pang'ono. Kumapeto umasiya kampata kuseri kwa diso la mbedza, pomwe pakhale mfundo yobisa nsonga ya ulusi pansi pa mizere inayi. Diso likatsekeka, msodzi amene waima m'madzi ozizira a ku Nyanga zala zitauma sangalowetsemo chingwe chake, ndipo fulayi imeneyo yatha ntchito isanalawe madzi.

Ulusi wabwinowu sugulitsidwa m'mashopu a m'lokeshoni. Timaupeza m'tauni kapena kuitanitsa kwa opita ku Johannesburg, ndipo ukatha sitikhala manja lende. Frank Sawyer, yemwe ankayang'anira mtsinje wa Avon ku England, anatchuka ndi fulayi yotchedwa Pheasant Tail Nymph, yomangidwa ndi waya wa kopa m'malo mwa ulusi. Ife wayayo timamasula m'matransifoma a mawailesi akufa. Ndi wowonda ngati tsitsi, ndipo amathandiza nyambo kumira msanga.

Zonsezi sitichitira kukongoletsa. Wogula akalandira madazeni khumi satsegula onse. Amatola imodzi, kuiyang'ana diso, n'kukanda mutu wake ndi chikhadabo. Ikasomphoka, katundu yense wabwerera, ndipo mwezi umenewo mankhwala a shuga a amalume ndi fizi ya mwana wanga zimayamba kulimbirana ndalama imodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa ife kudekha kumeneko ndiko kumagula ufa.

Amalume anakazinga trout zosawerengeka, koma sanagwirepo ndodo yowedzera ndi fulayi. Anthu a mbadwo wawo ankanenedwa kuti ndi mabwidi, opanda kwawo, ndipo zitupa za ambiri zinadindidwa kuti ndi alendo ngakhale atakalambira kuno. Ndinawafunsapo ngati sizinkawawawa kumangira ena nyambo ya madzi omwe iwo sankawedzamo.

"Zinkawawa," anayankha. "Koma nsomba sifunsa chitupa cha womanga. Imangoona ngati ntchito ili bwino."

Masiku ano fulayi iliyonse ndikamaliza ndimaiika m'dzanja lawo. Amaipapasa mutu ndi chala chachikulu, kenako n'kulowetsa singano m'diso lake. Ikadutsa amaiponya m'kachitini ka zogulitsa. Ikakana amandibwezera pamodzi ndi lezala, chifukwa mbedza njodula, sitiitaya.