Woponya ndi mmodzi, olima ndi 14

Kuli masewera ena ku Ireland otchedwa hurling, amene ine ndimawakonda ngakhale ndimangowaonera pa kanema. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15, aliyense ndi ndodo yophwatalala kumapeto, ndipo amalimbirana kampira kachikopa kofanana kukula kwake ndi ka tenesi. Kampirako kakalowa mu ukonde ndi mapointi 3, kakadutsa pamwamba pa mtanda, pakati pa mizati iwiri yaitali, ndi pointi imodzi. Osewerawo salandira malipiro. Ena ndi aphunzitsi, ena alimi, ena ogwira ntchito kubanki, ndipo munthu amasewerera boma la kwawo: Cork, Kilkenny, Limerick, Tipperary ndi ena otero. Bungwe loyendetsa masewerawa, la GAA, linakhazikitsidwa mu 1884 m'tauni ya Thurles.

Liwiro lake ndi lochititsa chizungulire. Koma pali kanthawi kamene zonse zimaima nji. Wina akachita chinyengo, woimbira amapereka chimene eni ake amachitcha free, monga fulikiki pa mpira wamiyendo. Apa ndiye pamene mtima wanga umakhala.

Taonani mmene amachitira. Kampira kali pansi. Woponyayo amaima chammbali, phewa litaloza kugolo, miyendo itatanyula pang'ono. Saloledwa kukagwira ndi dzanja. Amakatola ndi ndodo, mwina poilowetsa pansi pake, mwina pokakunkhunizira chakumbuyo kuti kakwere pandodopo, kenaka amakakankhira m'mwamba pang'ono ndi kukamenya kasanagwe. Adani amaima mamita 20 kuchokera pamenepo. Akatswiri amati chinsinsi chili pa katoledwe. Ukakatola mokhota, kamenyedwe kako kawonongeka kale, ngakhale ukhale ndi mphamvu zanjovu. N'chifukwa chake aliyense ali ndi mwambo wake umene sausintha: kupukuta manja, kuyang'ana mizati, kupuma mpweya, basi. Mvula igwe, mphepo iombe, anthu 82,000 akuwe mu Croke Park, mwambo ndi womwewo.

Tsono anthu amakonda kunena kuti timu ikakhala ndi woponya free wabwino ndiye kuti yalemera. Umboni wake ulipo. Mu fainolo ya dziko lonse ya 1994, Offaly inali kumbuyo kwa Limerick ndi mapointi 5 kutatsala mphindi zisanu zokha. Johnny Dooley anapatsidwa free pafupi ndi golo. Wina aliyense akanangotenga pointi yake n'kumapita, koma iye analunjika mu ukonde, kampira n'kulowa. Timu imene inkaoneka yakufa inadzuka, n'kumwetsa zigoli 2 ndi mapointi 5 m'mphindi zimenezo, chikho n'kupita ku Offaly.

Koma ine ndimaona kuti nkhani ya Dooley imatinamiza pang'ono. Iye anangotsegula chitseko, analowa ndi anzake. Ndipo free imeneyo sinagwe kumwamba. Panali wina amene anathamanga ndi kampira mpaka mdani anasowa chochita, n'kumulakwira. Woponya free ali ngati munthu amene watumidwa kukagulitsa fodya ku okushoni: ndalama zimafikira m'manja mwake, koma analima ndi banja lonse. Timu ikamasewera bwino, ma free amabwera pafupi ndi golo, pamalo osavuta. Ikamavutika, mwana wa eni ake amatumidwa kukaponya kuchokera kutali, mphepo ikumuomba kumaso, ndipo akaphonya timati waonjeza mowa kapena wakalamba.

Kumbukirani John O'Dwyer wa Tipperary mu fainolo ya 2014. Nthawi itatha, zinthu zili ndendende ndi Kilkenny, anapatsidwa free ya mamita oposa 90. Kampira kanauluka bwinobwino, anthu n'kuyamba kudumpha, koma makina a Hawk-Eye anaonetsa kuti kadutsa kunja kwa mzati pang'ono chabe. Atabwereza masewerawo, Kilkenny inapambana. Mu 2018 zinamugwera Joe Canning wa Galway. Iyeyu ndi amene anapulumutsa timu yake ndi free yomaliza mu fainolo ya 2012. Ulendo uno anaima kutali kwambiri, Galway itatsalira ndi pointi imodzi, kampira n'kugwera pafupi ndi golo osafika. Limerick inatenga chikho chimene inachilawa komaliza mu 1973. Kodi tinganene kuti O'Dwyer ndi Canning ndi amene analuzitsa matimu awo? Ayi ndithu. Funso labwino n'lakuti: m'mphindi 70 zonsezo, anzawo anali kuti kuti zinthu zifike podalira mkono wa munthu mmodzi?

Amene amandimvetsa chisoni koposa ndi Patrick Horgan wa Cork. Anayamba kusewerera boma lake mu 2008, ndipo pomwe ankapuma mu 2025 panalibe munthu m'mbiri ya mpikisanowu amene anamwetsa mapointi ochuluka kuposa iye. Komabe mendulo ya All-Ireland sanaivalepo. Anafika mu fainolo mu 2013, 2021, 2024 ndi 2025, konseko n'kubwerako chimanjamanja. Ya 2025 ndiye yowawa zedi. Popita kopuma Cork inkatsogola ndi mapointi 6, koma chigawo chonse chachiwiri inangopeza mapointi 2. Mbali inayo kunali kamnyamata ka zaka 19, Darragh McCarthy, kamene kanali katatulutsidwapo m'bwalo kawiri chaka chomwecho. Tsiku limenelo kanamwetsa chigoli chimodzi ndi mapointi 13. Kodi kamnyamatako kanaposa Horgan luso? Sindikhulupirira. Kusiyana kwake n'kwakuti anzake a McCarthy ankamubweretsera kampira, pamene a Horgan miyendo inali itazizira. Akuluakulu sananame kuti mutu umodzi susenza denga.

Sindikunyoza lusoli, abale. Timu yopanda woponya wodalirika imakhetsa thukuta pachabe, chifukwa adani akadziwa kuti chinyengo chawo sichilangidwa, amakugwira malaya tsiku lonse mopanda mantha. Woponya wabwino amawaphunzitsa mwambo, ndipo potero amapatsa anzake mpata wosewera. Limerick imene inatenga chikho kanayi motsatizana, kuyambira 2020 mpaka 2023, inali ndi awiri: Aaron Gillane wa ma free apafupi, ndi Diarmaid Byrnes wa akutali. Ukawalakwira pena paliponse m'bwalo, unkalipira.

Chimene ndikukana ndi chizolowezi chathu chosenzetsa munthu mmodzi ulemu wonse kapena manyazi onse, chabe chifukwa iye ndi amene kamera inamupeza ataima yekha. Mukamuona ataweramira kampira kaja, bwalo lonse lili zii, musamangoyang'ana manja ake. Yang'anani pamene waima, ndipo mudzifunse amene wamufikitsa pamenepo.