Mdala wa mu vidiyo ku Kasungu

Mafana a kunyanja, sabata yatha ndinali ku Kasungu kukonza injini yopopera madzi pa nazale ya fodya. Maboti kulibe uko, fumbi lokhalokha.

Madzulo ndinalowa mu vidiyo, akuonetsa Bob Marley: One Love. Pofika pomwe zigawenga zinamuwombera mu 1976, mdala wina wa tenanti pambali panga misozi mbwembwembwe. Ine kuseka.

Potuluka anandigwira mkono. "Mwanawe, ukuseka chiyani? Ine ndimaona Matafale. Anafera m'manja mwa apolisi mu 2001, nanga filimu yake ili kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Nyimbo zake ndimavina pa doko, koma nkhope yake sindiidziwa n'komwe. Ndinawagulira chimanga chootcha madalawo, tinakhala pa khonde akundisimbira za ku Chileka mpaka jenereta inazima.