Mwana wowerengera agogo foni

Mphunzitsi mnzanga, ndikuuzeni momwe ndinachitira manyazi pasukulu ina yakumafamu pafupi ndi Mvurwi, ku Mashonaland Central. Ndinapitako ndi phunziro la intaneti, kompyuta kukhwapa. Kalasi yake inali balani yakale yowotchera fodya, monga zilili sukulu zina zomwe zinatsegulidwa minda itagawidwa kuyambira mu 2000. Magetsi kunalibe.

Nditafunsa amene anagwiritsapo ntchito intaneti, onse anangoti zii. Mphunzitsi wawo atatchula WhatsApp, mikono yonse m'mwamba.

Ambiri mwa anawa ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Pakhomo amayankhula Chichewa, kusukulu Chishona ndi Chingerezi. Choncho uthenga ukalowa pafoni, kaya wa maliro wochokera ku Dedza, kaya wa ndalama za EcoCash zochokera kwa amalume ku Harare, wowerenga ndi mwana.

Mtsikana wina wa Giredi 6 anandiuza kuti tsiku lina kunabwera uthenga wa Chingerezi wonena kuti munthu wawatumizira ndalama molakwitsa, azibweze. Agogo, poopa kudya za mwini, anabweza. Ndalamazo zinali zisanalowe n'komwe. "Komatu ndinamasulira bwinobwino, aphunzitsi," anatero. Sananame. Tikanakhala pamayeso, inu ndi ine tikanamuchongera zonse. Ife aphunzitsi a chiyankhulo tinamuphunzitsa tanthauzo la mawu, osamuphunzitsa kufunsa cholinga cha wowalemba.

Kompyuta ija ndinaibweza m'chikwama. Tinalemba uthengawo pabolodi, n'kuumasulira m'Chichewa ndi m'Chishona, kenako mafunso: Walemba ndani? Akufuna tichite chiyani? Bwanji akutifulumizitsa? Tingafunse yani tisanachite? Funso lachitatulo ndi lomwe linawatsegula pakamwa, chifukwa munthu wokufulumizitsa pamsika amamudziwa kale.

Yesani m'kalasi mwanu. Ana akope m'kope uthenga umodzi wa pafoni ya kwawo, atapempha eni ake, osalemba dzina kapena nambala. Aloleni akambirane m'chiyankhulo chimene amawerengera agogowo. Ku Zimbabwe malamulo adziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndiye musachichitire manyazi.

Ana a ku Mvurwi aja ndinawapatsanso ntchito yokachita kunyumba: akafunse makolo zomwe zinaima pakhomo pawo mu Januwale 2019, boma litatseka intaneti pamasiku a zionetsero za mtengo wa mafuta.