Kabokosi Kamene Kadzutsa Njinga Yamoto

Njinga zamoto zambiri zakale sizinali kulira kufikira mwini wace ataponda citsulo ndi mwendo. M'caka ca 1969 anthu a kampani ya Honda ku Japan anatulutsa njinga yaikulu yochedwa CB750, imene inali kudzuka munthu akangosindikiza kabatani ndi cala. M'zaka zotsatira njinga za kabatani zinaculuka, ndipo zina zimene zioneka m'midzi lero zakalamba ndithu. Njinga yotere ikakana kudzuka, mwini wace abvutika, makamaka ngati ali ndi wodwala wofunika kupita naye ku cipatala.

Injini siingathe kudzuka yokha. Pali kamakina kena, dzina lace sitata, kamene kayamba kuizunguza. Sitata idya magetsi ambiri ocokera m'batire la mavolti 12, ndipo magetsi otere afuna waya wamkulu wa mkuwa. Koma mawaya a ku kabatani ali aang'ono. Magetsi onsewo akadapita m'menemo, akadapsa. Cifukwa cace amisiri anaika pakati kabokosi kamene akachula kuti relay. Munthu akasindikiza kabatani, magetsi ocepa alowa m'kabokosimo, napanga maginito. Maginito akoka kacitsulo, ndipo kacitsuloko kalumikiza mawaya awiri akulu. Pamenepo pamveka kaphokoso kakuti "tha!" ndipo sitata izungulira. Kabatani kali ngati mwana wotumidwa kukaitana munthu wamphamvu: mwanayo sanyamula mtolo, angopereka mau.

Mlimi wina wa kufupi ndi Katete anali ndi njinga yotere. M'nyengo ya dzinja inakana kudzuka, ndipo iye anati kabokosi kafa. Anatenga ndalama za feteleza nakagula kena ku Chipata, koma atakamangirira, njinga inangokhala duu monga kale. Pomwepo anatuma mwana wace kukaitana mlongo wa mkazi wace, amene anali mmisiri.

Mmisiri uja sanafulumire kumasula kanthu. Anayamba wayatsa nyali ya kutsogolo, nasindikiza kabatani, nachera khutu. Mnyamata anafunsa nati, "Amalume, mulikumvetsera ciani?" Iwo anayankha nati, "Mphwanga, ndifuna kumva ngati kabokosi kalankhula. Kakapanda kulira, ndiye kuti mau sakufika. Tiyang'ane fyuzi, kiyi, kabatani ndi mawaya aang'ono. Koma kakalira, sitata osazungulira, colakwa cili ku batire, ku mawaya akulu, m'kati mwa kabokosi, kapena m'sitata mwenimweni."

Kabokosi kanalira "tha!" ndipo nthawi yomweyo nyali inacita mdima. Mmisiri anapima batire ndi cipangizo cace, napeza mavolti 12.6, ndiwo muyeso wa batire lodzala bwino. Tsono anatenga babu la mawaya awiri, nayamba kulondola njira ya magetsi monga mlimi alondola ngalande m'dimba kuti aone pamene madzi atsekeka. Anayambira pa batire, nafika pa kabokosi. Ponsepo babu linayaka, koma linali kuzilala kabatani kakasindikizidwa. Anati, "Magetsi sayenda ulendo wopita kokha, ayeneranso kubwerera kwao. Abwerera m'citsulo ca njinga, nalowa m'batire ndi waya wakuda uyu." Atagwedeza waya wakudayo pamene anamangidwa ku citsulo, anapeza kuti boti lace lamasuka, ndipo pansi pace padzala dzimbiri ndi matope. Magetsi ocepa a nyali anali kupyola, koma ambiri ofunika kwa sitata sanathe.

Anapala dzimbiri kufikira citsulo cinang'anima, namanga boti kolimba, napaka girisi pamwamba kuti madzi asalowenso. Anabwezeranso kabokosi kakale kaja, ndipo atasindikiza kabatani, njinga inalira. Mlimi anakondwa, koma anawerama, pakuti ndalama za feteleza zinapita pa cinthu cimene sicinali kudwala.

Nchito iyi ili ndi zoopsya zace, ndipo ana asaiyese popanda wamkulu. Madzi a m'batire ali ndi asidi wakutentha khungu ndi kuononga maso. Mmisiri wanzeru asanamasule mawaya akulu ayamba wacotsa waya wakuda pa batire, kuti sipanala ikakhudza citsulo isathethetse moto. Amisiri ena ayesa sitata polumikiza maboti awiri a kabokosi ndi citsulo. Pocita ici aonetsetsa kuti njinga siili m'giya, cifukwa ingathe kulumpha, ndiponso kuti petulo sakudontha pafupi.

Akulu anati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Anthu ambiri ataya ndalama pogula zitsulo zatsopano mongoganizira, pamene colakwa cili pa boti limodzi la dzimbiri. Wofuna kukhala mmisiri aphunzire poyamba njira imene magetsi ayendamo, kucokera ku batire kufikira kubwereranso ku batire. Akaidziwa njirayo, adzaiyenda pang'onopang'ono, nadzayesa malo amodzi pa nthawi imodzi, kufikira atapeza pamene yaduka.