Dzina losungidwira mwini wake

Mwa mavuto amene amagwera anthu osamalira makompyuta, pali limodzi limene munthu wokonda chinenero angalimvetse msanga kuposa katswiri wa mawaya, pakuti gwero lake ndi dzina. Chitsulo chimakhala chili bwino, magetsi alipo, mafayilo onse ali m'malo mwake, koma kompyuta n'kukhala duu, osalankhula ndi inzake iliyonse, chifukwa ikudikira chinthu chimene inachidziwa kale ndipo sichidzabweranso.

Masiku ano kompyuta imodzi yamphamvu imatha kusunga makompyuta ena ambiri m'mimba mwake. Am'katiwa alibe chitsulo chawochawo. Ndi mafayilo chabe, komabe amayaka, amazima, ndipo iliyonse imakhulupirira kuti ili ndi disiki yake ndi khadi lake la netiweki. Akatswiri amaitchula kompyuta yotere kuti virtual machine, ndipo mapulogalamu monga VMware, VirtualBox, KVM ndi Hyper-V ndi amene amailera. Popeza ndi fayilo, itha kukoperedwa. Munthu amene watha masiku atatu akukonza seva sayeneranso kuyamba pachiyambi akafuna ina: amangoikopera, m'mphindi zochepa n'kukhala nazo ziwiri. Mawu akuti kukopera amaseketsa pang'ono, chifukwa tinawabwereka ku Chingerezi n'kudzagwera pafupi ndi kukopa kwathu kuja, kwa munthu wonyengerera mnzake ndi mawu okoma. Kompyuta yokoperedwa imakopadi mtima, mpaka pa ola limene uifunsa kuti ilankhule.

Mayi wina wachitsikana, amene ankayang'anira makompyuta pa bungwe lina laling'ono, anakumana ndi vutoli kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe. Seva yowerengera malipiro a antchito inkayenda pa CentOS 6, mtundu wa Linux umene unatuluka mu 2011, ndipo inkakhala m'makina okalamba amene anali atayamba kuzima okha. Iye anachita zimene aliyense wodziwa ntchito akanachita: anaikopera n'kuika kopeyo pa makina atsopano. Inayaka bwinobwino. Mayina a antchito analimo, ndalama zawo zinalimo. Koma palibe kompyuta ina m'ofesimo imene inkaiona. Atalamula kuti netiweki iyambenso, sikirini inamuyankha ndi mzere umene ambiri ogwira ntchitoyi anauloweza osafuna: Device eth0 does not seem to be present, delaying initialization. Kunena kwake, chipangizo chotchedwa eth0 chikuoneka kuti palibe, ndiye tiyembekeze kaye.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya maola. Uthengawo umamveka ngati khadi lasowa, motero munthu amathamangira kukaona ngati waya wongoyerekezera uja walumikizidwa, kenako amachotsa khadi n'kuika lina, kenako amakayikira makina atsopanowo. Mayiyu anaona kaye za wayazo, pakuti n'zofunikadi kuona, n'kupeza kuti zili bwino. Atalemba lamulo la ifconfig anangoona lo yekha, kanjira kamene kompyuta imadzilankhulira yokha. Koma atawonjezera kachilembo kamodzi, ifconfig -a, kamene kamaonetsa ngakhale makhadi ogona, panatulukira mlendo: eth1. Khadi linalipo ndithu. Linangokhala kuti likudziwika ndi dzina limene palibe anali kuliitana.

Kuti timvetse mmene mlendoyu anafikira, tiyenera kudziwa kuti khadi lililonse la netiweki lili ndi zodziwikira ziwiri. Choyamba ndi nambala imene limabadwa nayo, yotchedwa MAC, yolembedwa m'magulu 6 a zilembo ziwiriziwiri. Magulu atatu oyamba nthawi zambiri amanena za kumene khadilo linachokera, ngati mfunda: bungwe la IEEE ndi limene limagawira makampani manambala oyambirawa. Makhadi a VirtualBox amayamba ndi 08:00:27, a VMware ndi 00:0C:29 kapena 00:50:56, a Hyper-V ndi 00:15:5D. Chachiwiri ndi dzina limene Linux imalipatsa kuti anthu ndi mapulogalamu aziliitanira, monga eth0 kapena eth1.

Poyamba Linux inkatchula makhadi potsata mmene yawapezera poyaka. Loyamba kuoneka linali eth0, lotsatira eth1, monga timanenera kuti uyu ndi chisamba, uyo ndi mzime. Kusiyana kwake n'kwakuti ana amabadwa kamodzi, pamene kompyuta imabadwanso nthawi iliyonse ikayatsidwa, ndipo makhadi sankaoneka mwa ndondomeko imodzi nthawi zonse. Chisamba cha dzulo chinkatha kukhala mzime lero. Pa seva ya makhadi awiri, lina loyang'ana ku intaneti, lina loyang'ana m'kati mwa ofesi, kusinthana kotere kunkatanthauza kuti malamulo otsekera akunja atseka abale, khomo lakunja n'kukhala pululu. Ndiye anapeza mankhwala. Pulogalamu ya udev inayamba kusunga kaundula m'fayilo ya /etc/udev/rules.d/70-persistent-net.rules, ndipo tsiku loyamba kuona khadi inkalemba kuti nambala yakutiyakuti dzina lake ndi eth0 mpaka kalekale.

Mankhwalawa anali abwino kwa kompyuta yachitsulo, imene imakalamba ndi khadi lake. Kwa yokoperedwa anasanduka matenda. Pokopera, pulogalamu yolera ija imapatsa khadi la kope nambala yatsopano, ndipo imatero moyenera. Koma kaundula amabwera mmene analili, chifukwa ali m'kati mwa disiki imene yakoperedwa. Kope ikayaka, udev imaona nambala yachilendo, imatsegula kaundula, imapeza kuti eth0 lili ndi mwini wake, ndipo mwaulemu wonse imapatsa mlendoyo dzina lotsatira. Siifunsa ngati mwini wa eth0 akadalipo. Pamenepo n'kuti malangizo onse, adiresi ya IP, njira yotulukira, zonse zili m'fayilo ya ifcfg-eth0, yolembedwera eth0, ndiponso yokhala ndi mzere wa HWADDR wotchula nambala yakale ija. Kalata yalembedwera munthu amene kulibe. Amene alipo palibe wamulembera.

Achewa timadziwa njira ina yosungira dzina. Mfumu ikamwalira, dzina lake silipita nayo kumanda: wolowa m'malo amalowa dzina, ndipo anthu amamuitana monga ankaitanira amene anapita. Dzina la Kalonga Gawa Undi ladutsa mwa anthu ambiri, koma mpando ndi umodzi. Kaundula wa udev analibe mwambo umenewu. Iye anamangirira dzina pa munthu, osaganiza kuti tsiku lina padzafunika wolowa. Ntchito imene mayi uja anagwira usiku umenewo inali yolowetsa dzina basi. Anatsegula kaundula, anafufuta mzere wa nambala yakale, pa mzere wa nambala yatsopano anasintha eth1 kukhala eth0. M'fayilo ya malangizo anachotsa mzere wa HWADDR ndi wa UUID. Anazimitsa n'kuyatsanso. Zonsezi sizinathe mphindi khumi, atatha maola awiri akufufuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kunali kuwerenga uthenga uja monga unalembedwera: sunanene kuti khadi palibe, unati eth0 palibe.

Pali njira yachidule imene ena amakonda, yongosintha fayilo ya malangizo kuti izitchula eth1. Imagwira ntchito, koma ndi ulesi umene umalipiritsa pambuyo pake. Malamulo a iptables ndi timapulogalamu tina tolembedwa kale timakhala tikuitanabe eth0, ndipo tikapanda kuyankhidwa sitidandaula mokweza. Komanso kope ya kopeyo idzatchula khadi lake eth2, yotsatira eth3. Ukapeza seva ya khadi limodzi lokha koma lotchedwa eth4, wawerenga mbiri ya banja lake: yakoperedwa kanayi, ndipo palibe mmodzi mwa anayiwo anatsegula kaundula.

M'mawa mwake mkulu wowerengera ndalama, bambo wachikulire amene sankakhulupirira chinthu chimene sangachigwire ndi manja, anamvetsera nkhani yonse ali chiimire.

"Nanga mayi," anafunsa, "ngati vuto linali nambala, bwanji simunangoipatsa nambala yake yakale ija? Bwenzi itadziwana nayo."

"Zikanatheka, bambo," anayankha iye, "koma yakale ija sinazimitsidwe. Mwati tiisunge mpaka malipiro atuluke."

Funso la bamboyo linali lanzeru, ndipo ndi msampha umene akatswiri enieni amagweramo. VMware ikaona kompyuta pamalo achilendo imafunsa ngati waisamutsa kapena waikopera. Ukati wasamutsa imasunga nambala yakale, ukati wakopera imapereka yatsopano. VirtualBox nayo imakupatsa mwayi wosankha pokopera. Wosunga nambala yakale saona vuto la eth0 ngakhale pang'ono, ndipo amapita kunyumba akumwetulira. Koma ngati yakale ikuyakabe pa netiweki yomweyo, wabzala vuto loposa loyamba lija. Kabokosi kolumikiza makompyuta, kotchedwa switch, kamaphunzira kumene nambala iliyonse ikukhala poona khomo limene uthenga wake watulukira. Nambala imodzi ikamamveka ku makomo awiri, kabokosiko kamasintha maganizo nthawi iliyonse mmodzi wa awiriwo akalankhula, ndipo mayankho amapita kwa amene walankhula komaliza. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Vuto la eth0 n'lachilungamo, chifukwa limakana poyera ndipo limatchula dzina. Ili ndi lachinyengo: seva imagwira mphindi imodzi, imasowa mphindi yotsatira, ndipo aliyense amaimba mlandu kampani ya intaneti. Pa seva ya malipiro, kulumikizana kukaduka pakati pa ntchito, munthu amakhala ndi chifukwa chokayikira nambala iliyonse imene yatuluka.

Amene amalemba Linux analiona vuto la kaundulayu. Kumayambiriro kwa 2013, systemd 197 inabweretsa katchulidwe kachitatu, kotengera malo amene khadi lakhala. M'dzina loti enp0s3, en akunena kuti ndi khadi la Ethernet, p0 ndi msewu umene lalumikizidwako, s3 ndi mpando wake pa msewuwo. Red Hat Enterprise Linux 7 itatuluka mu 2014 inatengera katchulidwe kameneka, ndipo CentOS 7 inatsatira. Mayinawa ndi oipa m'kamwa, palibe angatsutse, ndipo anthu ambiri anawadandaula. Koma pa nkhani ya kukopera ali pafupi ndi mwambo wa ufumu uja: dzina ndi la mpando, ndipo aliyense wokhalapo amalilowa osafunsidwa nambala.

Ngakhale zili choncho, vutoli silinathe. Linangosamuka. Kompyuta yochokera ku VirtualBox, kumene khadi lake linali enp0s3, ikapita ku VMware imapeza mpando wina, kawirikawiri ens33 kapena ens160, pamene malangizo ake akutchulabe wakale. Ndipo pali chodziwikira china chobisika kwambiri, fayilo ya /etc/machine-id, ya zilembo 32, imene imalembedwa kompyuta ikayaka koyamba. Pa Ubuntu 18.04, seva popempha adiresi ya IP imadzidziwikitsa ndi chizindikiro chochokera m'fayilo imeneyi, osati nambala ya khadi. Motero makope atatu okhala ndi manambala a MAC osiyana bwinobwino amatha kupatsidwa adiresi imodzi, chifukwa kwa wogawa maadiresi onse atatu akunena kuti ndine yemwe uja. Wofufuza amayang'ana manambala a makhadi, amaona kuti ndi osiyana, n'kuchotsa maganizo ake pa chinthu chenicheni chimene chikumuvutitsa. Mankhwala ake ndi kufufuta zam'kati mwa fayiloyo kuti ilembedwenso, kapena kuuza netplan kuti izigwiritsa ntchito nambala ya khadi. Windows nayo ili ndi mzukwa wake: khadi lakale limabisala m'ndandanda wa zipangizo litagwirabe adiresi, ndipo ukafuna kupatsa latsopano adiresi yomweyo umauzidwa kuti ili ndi mwini kale.

Anthu akafuna kufotokoza kope m'Chichewa amathamangira ku mawu akuti mapasa, koma mawuwa amasocheretsa. Mapasa amafanana nkhope, komatu aliyense amadziwa kuti iye ndi iye, ndipo amapatsidwa dzina lake. Kope imadzuka ikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi yoyamba ija. Imakumbukira khadi limene sinakhalepo nalo, adiresi imene mwini wake akuigwiritsabe ntchito, ngakhale makiyi a SSH amene seva imatsimikizira nawo kuti ndi iyoyo. Makiyi amenewa savutitsa netiweki, n'chifukwa chake ambiri amawaiwala, koma maseva khumi a kiyi imodzi ndi nyumba khumi za loko mmodzi. Wofuna liwu labwino la Chichewa la chinthu chimenechi ayenera kufuna liwu lonena za kukumbukira, chifukwa kufanana nkhope sindiko kumavutitsa.

Malipiro anatuluka pa tsiku lake, ndipo seva yakale inazimitsidwa sabata yotsatira. Pambuyo pake mayi uja anakonza kompyuta imodzi yoti izikhala mbewu ya zina zonse. Asanaisunge anaidutsitsa m'pulogalamu ya virt-sysprep, imene ntchito yake ndi kuiwalitsa: imachotsa kaundula wa udev, manambala a makhadi m'mafayilo a malangizo, chizindikiro cha machine-id ndi makiyi a SSH. Mbewuyo anailemba kuti isayatsidwe, ndipo anauza mnyamata amene ankaphunzira ntchito kwa iye chifukwa chake. Ikangoyaka kamodzi, ngakhale kwa mphindi imodzi, idzaona khadi lake, idzalilemba m'kaundula, ndipo makope onse otengedwa pambuyo pake adzayambanso kusungira eth0 mwini wake.