Bokosi Lomwe Ndinachonga

M'kalasi ya Chicano Studies ku Los Angeles, mnzanga anandinong'oneza kuti agogo ake a ku Oaxaca amalankhula Chizapoteki, Chisipanishi amangochitolatola. Koma pa fomu amalembedwa "Hispanic", dzina lomwe kalembera wa America anayamba kufunsa aliyense mu 1980.

"Chicano" kale linali dzina lonyoza. Ophunzira omwe ananyanyala sukulu ku East Los Angeles mu 1968 analitola n'kulivala monyadira. Lero ena akufuna "Latinx", ena akuti lilime likukana.

Ineyo ndinatsika ndege ndili Mchewa wa ku Dedza, fomu n'kundisandutsa "Black". Cholembera chinaima kaye m'malere. Mnzangayo anaseka: "Iwe chonga basi, bola agogo ako akakuitana uziyankha."